Mutu 6: Mtanda wa Choko pa Tayala Lachinayi

1. Lamulo la sipanala yofiira

Pa galaja ya amalume ake, mtsikanayo ankadziwika ndi dzina loti Teni. Dzinali anamupatsa ndi a Girisi, makaniko wamkulu wa pamalopo, amene ovolosi yawo inadana ndi madzi kalekale. Iwo ankati mtsikanayo ali ngati sipanala ya nambala teni: yaing'ono, yofunidwa ndi aliyense, koma ukaifuna siipezeka.

Teni anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Anali atalemba mayeso ake akusekondale ndipo ankadikira zotsatira. Mayi ake anamutumiza kwa mlongo wawoyo kuti akaphunzire ntchito yamanja m'malo mongokhalira kusisita foni kunyumba.

Galajayo inali ya denga lamalata, yokhala ndi dzenje limodzi loonera kunsi kwa galimoto. Pakhoma panali misomali, chida chilichonse ndi msomali wake. Pamsomali wakumapeto pankakhala sipanala yaitali ya chigwiriro chofiira. Ntchito yake inali imodzi yokha, kumanga manati a matayala. Nati ikalimba kufika pa muyeso wake, sipanalayo inkalira yokha kuti kha!

Tsiku limene amalume ake anamulola kuigwira koyamba, anayamba amuyesa.

"Teni, kanditengere masipanala awa: thwelofu, fotini, seventini ndi naintini. Osalemba paliponse."

Teni ananyamuka akubwereza manambalawo chapansipansi. Asanafike pakhoma, a Girisi anamuimitsa.

"Iwe, nsapato zimenezo n'zako, kapena wabwereka za agogo ako aamuna?"

"N'zanga! Zangondikulira pang'ono," anayankha Teni.

Atafika pakhoma anangoti chilili. Thwelofu ankamukumbukira. Naintini ankamukumbukira. Awiri enawo anali atasowa ngati sanatchulidwe n'komwe.

A Girisi anaseka mpaka kukhala pansi. Amalume sanaseke.

"Tamvera kuno, mwana wa mlongo wanga," anatero. "Sikuti ndiwe wopusa. Mutu wa munthu aliyense ndi wotero, wanga womwe. Uli ndi nkhokwe yaikulu yosungira zakale, koma zimene ukuchita panopa sizikhala mmenemo. Zimakhala m'kambale kakang'ono ngati kamene timaikamo manatika. Mumakwana zinthu zitatu, zinayi, basi. Ndipo kambaleko sikakhala pathebulo ayi, umachita kukagwira. Ukacheukira kwina kamapendekeka. Choopsa n'chakuti zinthu zikamatayika mmenemo sizilira. Nati ikagwa pasimenti timaimva tonse. Ganizo likagwa kumangoti zii.

"N'chifukwa chake pano tili ndi lamulo. Amene wagwira sipanala yofiirayi ndi gonthi, ndiponso alibe pakamwa. Ngakhale ndikuitane ineyo, usayankhe. Ngakhale mayi ako aime pachipatapo, tsiriza kaye tayala. Chinthu chikakusokoneza, usanene kuti ndinalekera apa. Bwerera pa nati yoyamba. Nati yomaliza ikalira, m'pamene umatenga choko n'kulemba mtanda patayala. Ine sindiyesanso manati, ndimangowerenga mitanda. Choncho choko chikanama, wanama ndine, ndipo munthu amakafera kumsewu. Wonama ndi choko amavula ovolosi tsiku lomwelo, ntchito n'kuthera pomwepo, kaya ndi m'bale kaya si m'bale. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Wandimva?"

"Ndamva, amalume."

Lamulo lachiwiri linali lalifupi. Mafoni a antchito ankagona m'kabati ya mu ofesi mpaka nthawi yopuma masana.

2. Basi ya sukulu

Lachisanu lina m'mawa, pagalajapo panali minibasi yachikasu ya sukulu yapulayimale. Inabwera dzulo lake kudzakonzetsa mabuleki. Tsikulo inkayenera kunyamula ana a kwaya kupita nawo ku mpikisano m'tauni ya kuseri kwa phiri.

Mmodzi mwa anawo anali mlongo wake wa Teni, mnyamata wa zaka zisanu ndi zinayi amene kunyumba ankangomutcha Mzime. Sabata yonseyo anali atawasowetsa mtendere ndi nyimbo yake, m'bafa, pogona, ngakhale chakudya chili m'kamwa.

A Girisi anamaliza mabuleki, anabwezera matayala onse anayi, n'kupotokola manati ndi zala monga mwa nthawi zonse. Kenako anatsitsa basiyo pa jeke.

"Teni, mkazi wanga wam'tsogolo, matayala ako awo. Ine ndamaliza za anthu anzeru, zatsala za mphamvu."

"Mukayambe mwachapa ovolosiyo, kenako mudzafunsire," anatero Teni akutenga sipanala yofiira.

Atangoigwira, a Girisi anatseka pakamwa n'kuchoka. Lamulo ankalidziwa.

Koma m'thumba lapachifuwa la ovolosi ya Teni munali foni. Anzake anali atamuuza kuti zotsatira za mayeso zikhoza kutuluka tsiku lililonse, ndipo m'mawa umenewo sanaiike m'kabati.

Tayala lililonse linali ndi manati asanu ndi limodzi. Teni ankamanga modumphitsa, iyi kenako ya kutsidya kwake, kuti tayala likhale mowongoka. Loyamba linatha, analemba mtanda. Lachiwiri, mtanda. Lachitatu, mtanda.

Anagwada pa lachinayi, lakumbuyo kumanzere. Nati yoyamba, kha! Yachiwiri, kha!

Foni inanjenjemera pachifuwa.

Teni anasuzumira kudzenje. Amalume anali kunsi kwa galimoto ina, nyali ili m'manja. Anatsamiritsa sipanala kukhoma n'kutulutsa foni. Unali uthenga wa mnzake wa m'kalasi.

"Zatuluka! Dzina lako sindikuliona!"

Teni anauwerenganso. Asanayankhe, unalowa wina.

"Ndimangocheza, mwana iwe. Sizinatuluke. Mtima unatani?"

Teni anapsa mtima. Analemba yankho, n'kufufuta, n'kulembanso lina lowawa kuposa loyambalo. Ali mkati molemba, pachipata panamveka mawu a dalaivala wa basiyo.

"Odi kuno, amisiri! Ana avala kale mayunifolomu, aphunzitsi akundiyang'ana ngati ndaba mbuzi. Basi yanga yatha?"

Teni anabisa foni msangamsanga. Atayang'ana m'manja anapeza kuti wagwira kale choko. Patsogolo pake panali tayala, manati onse ali m'malo mwake. Dzanja linalemba mtanda.

Amalume anatuluka m'dzenje akupukuta manja. Anazungulira basiyo, maso ali pamatayala. Anawerenga mitanda inayi, n'kumenya basiyo kawiri ndi chikhatho.

"Pitani bwino, adalaivala. Pamtsetse paja mugwiritse magiya, mabuleki ndi atsopano."

Basi inatuluka pachipata n'kukhotera kusukulu.

3. Zimene zinagwa m'kambale

Teni anatenga tsache kuti asese pamene panaima basi. Anasesa fumbi la mabuleki, anatola nsanza. Kenako anaiona.

Sipanala yofiira inali chitsamire kukhoma.

Teni sankaisiya pansi. Akamaliza tayala lomaliza ankapita nayo pamsomali wake asanachite china chilichonse. Chimenecho chinali chizolowezi chake kuyambira tsiku loyamba. Nanga lero inatsalira bwanji pamenepo?

Anatseka maso n'kuyesa kumvanso kulira kwake. Kha. Kha. Kenako foni. Uthenga wa mnzake ankaukumbukira wonse, liwu ndi liwu. Yankho lake ankalikumbukiranso, ngakhale lija anafufutali. Koma pakati pa foni ndi choko panalibe kanthu. Panali mdima wokhawokha.

Anayesanso. Ulendo uno anadziona akumanga manati onse, bwinobwino, mpaka yomaliza. Mtima unatsika pang'ono. Koma atayang'anitsitsa chithunzicho m'maganizo, anaona kuti tayala lake linali pafupi ndi chitseko cha dalaivala. Limenelo linali lakutsogolo.

Thukuta linamutsika kumsana ngakhale kunja kunali kozizira.

"Teni, tsachelo ukulipempherera?" anafunsa a Girisi ali pa injini. "Kapena waona njoka?"

"Ayi, palibe."

"Ndiye nkhope yatuwa bwanji ngati batire lakutha?"

Teni anaika tsache pambali. Ananyamula sipanala ija kuti akaikoleke mwakachetechete. Akanaikoleka, palibe amene akanadziwa. Mwinanso manati anali omangika. Mwina basi ikanapita n'kubwera, Mzime n'kudzawasokosanso madzulo ndi nyimbo yake.

Koma msewu wa kuseri kwa phiri ankaudziwa. Umakwera pang'onopang'ono mpaka pamwamba, kenako umatsetsereka mokhotakhota, thanthwe mbali ino, phompho mbali inayo.

Anayang'ana kudzenje. Ankangoona mutu wa amalume ake. Anatsegula pakamwa, koma mawu aja anamubwerera: amavula ovolosi tsiku lomwelo. Anaganiza za nkhope ya mayi ake. Pakamwa panatsekeka.

4. Epuloni yofiira

Pabenchi ya makasitomala panakhala mayi wina wovala yunifolomu yoyera ndi juzi pamwamba. Anali namwino. Galimoto imene amalume ankakonza inali yake, ndipo anali atafika basi itangochoka. Anamuyang'ana Teni kwa kanthawi.

"Mwanawe, tabwera. Chitsulocho wachikumbatira ngati khanda. Wadwala?"

Teni anasendera pafupi. Mawu anatuluka otsika kwambiri.

"Anamwino, kodi munthu angaiwale chinthu chimene wachita pompano? Osati chaka chatha. Pompano."

"Angaiwale, ndipo si matenda," anatero mayiwo. "Khala apa ndikuuze. Kuseri kwa chipumi chakochi kuli mbali ya ubongo imene imathandiza kugwirizira zimene ukuchita pa nthawiyo. Imagwira zochepa, kawirikawiri zinthu ngati zinayi. Ndipo sizikhalitsa. Ukasiya kuziganizira, mphindi siitha zisanayambe kufufutika. Chimene chimazisunga zamoyo ndi chidwi chako. Kumene kwapita chidwi n'kumene kumapita kukumbukira. Anthu amati, ine ndimatha kuchita ziwiri nthawi imodzi. Si zoona kwenikweni. Ubongo umangodumpha, uku, uko, ndipo pakudumpha paliponse pamatayika kanthu. Makamaka chinthu chokuopseza kapena chokupsetsa mtima, chimenecho chimalanda malo onse.

"Kuchipatala kwathu, namwino akamagawa mankhwala amavala epuloni yofiira. Akavala imeneyo palibe womulankhulitsa, ngakhale dokotala. Sikuti ndife oiwalaiwala kuposa anthu ena ayi. N'chifukwa choti tikudziwa mmene mutu ulili. Manja amapitiriza okha ntchito imene anazolowera, mwiniwake ali kwina. Amatseka botolo, amakankha kangolo ka mankhwala kupita pa bedi lotsatira, pamene wodwala sanamwe kanthu."

Teni anayang'ana zala zake. Zinali ndi choko.

"Nanga ukayesetsa kukumbukira?" anafunsa. "Ukafinya mutu kwambiri?"

"Pamenepo m'pamene pali msampha. Chimene sichinalowe sichingatuluke. Ukaufunsa mutu kuti, kodi ndinachita, umakuyankha kuti inde, chifukwa unachita dzulo, unachita dzana. Umatenga chithunzi chakale n'kukuonetsa ngati cha lero. Choncho ife timaphunzitsidwa kuti ukakayikira usafunse mutu wako. Pita ukaone ndi maso, ndipo ngati sungathe kuona wekha, nena msanga kwa amene angathe. Manyazi amapola, mwanawe. Ndaonapo anthu ambiri atachira manyazi. Koma pali zina zimene zikafika kwa ife timangophimba ndi nsalu."

Anayang'ana sipanala, anayang'ana choko, kenako nkhope ya Teni.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero motsitsa. "Ine sindikudziwa chimene chikukudya. Ukudziwa ndiwe."

Teni anaimirira. Anapita kudzenje kuja.

"Amalume."

"N'chiyani? Ndili pa ntchito."

"Tayala lakumbuyo kumanzere. Sindikudziwa ngati ndinamaliza."

Kunsi kwa galimoto phokoso la zitsulo linasiya.

"Unalemba mtanda."

"Ndinalemba. Koma ndikukumbukira manati awiri okha. Ndinali ndi foni m'thumba. Inalira, ndinayankha."

A Girisi anazimitsa injini. Kwa nthawi yoyamba chibwerere Teni pagalajapo, analibe nthabwala.

5. Msewu wa kuphiri

Amalume anatuluka m'dzenje. Sanakalipe. Teni akanakonda akanakalipa.

Anathamangira mu ofesi n'kuimbira dalaivala. Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, chimodzimodzi.

"Sangayankhe," anatero a Girisi. "Mkulu amene uja akagwira chiwongolero foni saidziwa. Munamuphunzitsa ndinu, bwana."

Anaimbira kusukulu. Kumeneko anati basi yanyamuka kale ndi ana onse, ndipo anapereka nambala ya aphunzitsi a kwaya. Imeneyonso inangoitana. Ana akamaimba m'basi, ndani angamve foni ili m'chikwama?

"Girisi, ponya jeke ndi manati m'pikapu. Upitirize kuimba manambala onse awiri, usaleke. Teni, tenga sipanalayo. Kwera."

Anamwino aja anali ataimirira kale, chikwama chili paphewa.

"Ndipita nawo," anatero.

Palibe anafunsa chifukwa chake. Teni anachidziwa yekha chifukwacho: mwina kukakhala ovulala.

Pikapu inadutsa m'misewu ya m'tauni hutala ikulira. Anadutsa msika, anadutsa malo omwetsera mafuta, anawoloka mlatho. Nyumba zinayamba kuchepa. Teni anakhala pakati, sipanala ili pamiyendo.

"Amalume, pepani. Ine ndimaganiza kuti..."

"Usandilankhulitse. Ndikuyendetsa."

Patapita kanthawi analankhula okha, maso ali pamsewu.

"Lakumanzere ndiye loipa. Likayamba kugwedera, kuzungulira kwake kumathandiza manati kumasuka. Pokwera amayenda pang'onopang'ono, mwina lipirira. Koma pamtsetse, ndi mabuleki, ndi makona aja, silingapirire."

Msewu unayamba kukwera. Pakona iliyonse Teni ankayang'ana kumbali, kuudzu, kumiyala, kufunafuna chinthu chachikasu. Pakona iliyonse ankapuma akapeza palibe, kenako mantha ankayambiranso. Anamwino anamugwira dzanja.

Anadutsa lole yonyamula matabwa. Anadutsa thirakitala. Ndiyeno, patali, pamene msewu unawongoka usanafike pamwamba, anaiona.

"Iyo!" anakuwa Teni.

Basi inkakwera mwaulesi, utsi uli m'mbuyo. Atayandikira, Teni anaona chimene ankachiopa. Matayala enawo ankayenda mowongoka. Lakumbuyo kumanzere linkavina, kulowa, kutuluka, mtanda wa choko ukuzungulira nalo limodzi.

Pawindo la pamwamba pa tayala limenelo panali mutu wometa bwino. Anali Mzime, pakamwa pali yasa, akuimba.

Amalume analiza hutala, anayatsa nyali. Dalaivala wa basi anatulutsa dzanja pawindo n'kuwakodola kuti adutse. Ankaganiza kuti ndi munthu wothamangira zake. Ana anaona pikapu n'kuyamba kuibayibitsa mosangalala.

Kutsogolo kunaoneka chikwangwani chochenjeza za mtsetse.

"Gwiritsitsani," anatero amalume.

Anaonetsetsa kuti kutsogolo kulibe galimoto, anaponda mafuta, n'kuidutsa basiyo. Teni anadutsitsa thupi pamiyendo ya anamwino, anatulutsa mutu ndi manja pawindo.

"Imani! Tayala! Imani!"

Amalume analowa kutsogolo kwa basi n'kuyamba kuchepetsa liwiro pang'onopang'ono, kuti dalaivala asaponde mabuleki mwadzidzidzi. Basi inachepetsa nayo. Inapatukira pambali, pamalo a miyala, n'kuima. Chikwangwani chija chinali patsogolo pake penipeni. Kuseri kwake msewu unkazimiririka kulowa pansi.

6. Kha!

Dalaivala anatsika atakwiya.

"Amisiri, mwapenga? Mukufuna kundiphetsa ndi ana a eni?"

Amalume anamulambalala. Anapita pa tayala lija n'kugwada. Bawuti imodzi inali yopanda nati, natiyo inagwera penapake m'njira. Anagwira nati ina ndi zala ziwiri, n'kuipotokola. Inachoka ngati chivindikiro cha botolo. Enanso awiri anali lendelende. Awiri amene Teni anamanga aja ndiwo anagwira tayala njira yonseyo, ndipo nawonso anali atayamba kugonja.

Dalaivala anavula chipewa. Anayang'ana tayala, anayang'ana kumtsetse, n'kukhala pansi pamwala.

"Ndimamva kaphokoso kumbuyoku," anatero. "Ndimati ndi anawa akumenya mipando ngati ng'oma."

Aphunzitsi a kwaya anatsitsa ana onse n'kuwaimika kutali ndi msewu. Anamwino anaika chikwama chawo pansi osachitsegula.

Amalume anatsekera matayala ndi miyala, anakweza basi pa jeke, n'kuchotsa tayala lija. Mabowo ake anali atakula chifukwa cha kugwedera, choncho analiika pambali. Anayang'ana mabawuti imodzi imodzi, akuipapasa ndi chala. Anali asanaonongeke. Anaika tayala lapadera, anapotokola manati atsopano ndi zala, n'kutsitsa basi.

Kenako anatenga nsanza. Anazungulira basi yonse akufufuta mitanda itatu ija ya Teni, ndipo anayesa okha nati iliyonse ya matayala atatuwo. Onse anali olimba. Koma Teni anamva kuwawa kuposa kumenyedwa. Amalume anali atasiya kukhulupirira choko chake.

Atabwerera pa tayala lachinayi anamupatsira sipanala yofiira.

"Sindingathe, amalume. Manja akunjenjemera."

"Anjenjemere. Tayala ndi lako."

Teni anagwada pamiyala. Nati yoyamba, kha! Ya kutsidya kwake, kha!

"Achemwali!" Anali Mzime, atathawa pamzere wa anzake. "Achemwali, mwatitsatira kudzamva nyimbo? Ndinakuuzani kuti ndimaima kutsogolo kwa kwaya!"

Teni sanacheuke. Yachitatu, kha!

"Achemwali, mwagontha?"

"Msiye, iwe," anatero amalume. "Wagonthadi."

Pamenepo foni inanjenjemera pachifuwa pake. Kwa kamphindi maganizo anathawira ku zotsatira za mayeso, kwa mnzake uja, kwa mayi ake. Dzanja silinapite kuthumba. Koma atabweza maso patayala anadzifunsa kuti wafika pati, ndipo yankho linabwera msanga kwambiri moti sanalikhulupirire.

Anachotsa sipanala n'kuibwezera pa nati yoyamba.

Amalume anaona.

Teni anayambiranso, akutchula nambala ya nati iliyonse chapansipansi. Foni inanjenjemeranso, n'kutopa yokha. Nati yomaliza italira, anagwira nati iliyonse ndi chala, kenako anatulutsa choko n'kulemba mtanda. Unali wokhota, koma unali woona.

Ataimirira anamukumbatira Mzime mwamphamvu mpaka mwanayo anadandaula.

"Mukundidetsa yunifolomu! Mwatani kodi? Mukulira chiyani?"

"Palibe. Kaimbe bwino. Ukapanda kupambana usabwere kunyumba."

Ana anakwera. Basi inanyamuka n'kulowa pamtsetse ili pa giya yotsika. Teni anaima m'mphepete mwa msewu akuyang'ana tayala lakumbuyo kumanzere. Linkayenda mowongoka. Analiyang'ana mpaka basi inakhota kuseri kwa thanthwe, nyimbo ya ana n'kuzilala.

Anatulutsa foni m'thumba, osaiyang'ana, n'kuipereka kwa amalume ake. Kenako anagwira batani lapamwamba la ovolosi.

"Ndivule pompano, kapena tikafika?"

Amalume asanayankhe, foni yawo inalira. Anayang'ana nambala, nkhope inasintha.

"Ndi ahedi a sukulu. Aphunzitsi aja awauza kale."

Anayankha. Mawu a mbali inayo anali okwera moti Teni ndi anamwino ankamva zonse.

"Sindikufuna nkhani zambiri. Makolo andifunsa, ndipo ndiyenera kuwayankha. Anamanga tayala limenelo ndani?"

"Bwana, galaja ndi yanga," anayamba amalume. "Chilichonse chotuluka pachipata changa..."

Teni anatambasula dzanja. Linali ndi choko mpaka m'zikhadabo.

"Ndipatseni, amalume."

Amalume anamuyang'ana, kenako anamupatsa foniyo.

"Ndine, bwana," anatero Teni. "Ndinamanga manati awiri, foni inandisokoneza, ndinalemba mtanda ndisanamalize. Amalume anangokhulupirira mtandawo."

Pamene mawu a ahedi anabweranso, anali otsika, odekha, ndipo anaopsa kuposa kukalipa kuja.

"Mwana iwe, uli ndi zaka zingati? Ndipo anakupatsa basi ya ana anga ndani?"

Teni anakweza maso. Amalume ake, amene sananjenjemere njira yonse ya kuphiri, anali atatsamira pikapu, ndipo pankhope pawo panali mantha: mlandu tsopano unali utagwera iwo, amene anapatsa mwana ntchito yotere.